Lamulo la kuzula ndi lamulo la mizere: mbiri ya malamulo oteteza mitengo ndi nthaka m'Malawi

Mafumu, makomiti a chitukuko ndi makhonsolo akakhala pansi kulemba malamulo a m'dera okhudza minda, pali nkhani ziwiri zimene zimautsa mkangano kawirikawiri. Yoyamba ndi yoti mlimi amene ali ndi nthochi kapena mitengo yodwala azule. Yachiwiri ndi yoti aliyense wolima pamalo otsetsereka akonze akalozera, atseke zigwembe ndipo asalime m'mphepete mwa mtsinje. Nkhani ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma gwero lake ndi limodzi. Madzi a mvula ochoka m'munda wa kumtunda saima pa malire, ndipo tizilombo tofalitsa matenda sitisankha munda. Chimene mlimi mmodzi wachita, kapena walephera kuchita, chimaonekera m'zokolola za mnansi wake. Ichi ndicho chifukwa chake mudzi umafuna lamulo.

Malamulo otere si achilendo m'dziko muno. Akhala akulembedwa, kukanidwa, kuthetsedwa ndi kubwereranso kwa zaka pafupifupi 100. Mbiri yawo ikusonyeza kuti lamulo lolowerera m'munda wa munthu limakhalitsa pokhapokha ngati vuto lazindikirika molondola m'deralo, ngati mlimi wapeza cholowa m'malo mwa chimene wataya, ndiponso ngati dera lonse lachita ntchitoyo pa nthawi imodzi. Ikusonyezanso kuti lamulo la kuzula likalembedwa palokha, osaganizira nthaka imene yatsala pamtunda, limathetsa vuto limodzi n'kuyambitsa lina.

Zimene zidapezeka m'minda ya tiyi

Kafukufuku woyamba wa matenda a mitengo m'Nyasaland adachitika makamaka m'maesiteti a tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, tiyi wambiri ankachita chikasu, masamba ankachepa msinkhu, nthambi n'kumauma kuyambira kunsonga. Vutoli linkaoneka ngati matenda. M'chaka cha 1933, akatswiri awiri, H. H. Storey ndi R. Leach, adafalitsa zotsatira zosonyeza kuti panalibe kachilombo kalikonse. Tiyiyo ankasowa mchere wa salufa m'nthaka, ndipo feteleza wokhala ndi mcherewu adabwezeretsa masamba obiriwira. Chilembo S chimene alimi amachiona lero pa thumba la feteleza wokulitsa chimaimira mchere womwewo. Kukadakhala kuti padalamulidwa zozula tiyi yense wachikasu, maesiteti akadataya mitengo yochiritsika, ndipo mbande zatsopano zikadadwalanso pa nthaka yomweyo.

Vuto lachiwiri lidali matenda enieni. Bowa wotchedwa Armillaria ankaoletsa mizu ya tiyi, makamaka m'minda yatsopano imene idatsegulidwa pogwetsa nkhalango. Bowayu amakhala m'mizu ya mitengo yachilengedwe. Mtengo ukadulidwa, iye amadya chakudya chimene chasungidwa m'chitsa ndi m'mizu, n'kukula mphamvu, kenako n'kulowa m'mizu ya tiyi imene yakhudzana ndi mizu yakufayo. Njira yodziwika nthawiyo idali kukumba zitsa ndi mizu yonse, ntchito yodula imenenso inkatakasa nthaka ya pamtsetse. Mu 1937 ndi 1939, Leach adasonyeza kuti kusenda khungwa mozungulira tsinde, mtengo udakali chiimire, ndi kuusiya kwa nthawi usanagwetsedwe, kumachititsa kuti mizu imalize chakudya chake. Bowayo akafika amapeza mulibe chodya. Njira imeneyi idafalikira m'maiko ena olima tiyi.

Zotsatira ziwirizi zidapereka mfundo imene malamulo a pambuyo pake sadaitsate nthawi zonse: mtengo wooneka wodwala uyenera kupimidwa kaye, chifukwa chithandizo chake chimadalira chimene chayambitsa vutolo.

Mafumu apatsidwa mphamvu zopanga malamulo

Kunja kwa maesiteti, nkhawa ya boma la atsamunda idali pa kutha kwa mitengo ndi kukokoloka kwa nthaka. M'chaka cha 1926 nthambi ya zankhalango idayambitsa nkhalango za m'midzi, malo amene ankapatulidwa kuti nyakwawa aziyang'anira ndipo anthu ake azipezamo milimo ndi nkhuni. Mu 1933 lamulo la Native Authority Ordinance lidapatsa mafumu akuluakulu mphamvu zopanga malamulo m'madera mwawo. Kuyambira pamenepo padayamba kuoneka malamulo a mafumu oletsa kutentha tchire, kudula mitengo ina ndi kulima m'mbali mwa mitsinje, ngakhale kuti ambiri mwa iwo ankachokera ku ofesi ya DC.

Zaka zomwezo, chimphepo cha fumbi chidasesa minda ya m'zigwa za pakati pa dziko la America, ndipo mu 1935 boma la kumeneko lidakhazikitsa nthambi yosamala nthaka motsogozedwa ndi Hugh Bennett. Nkhaniyi idachititsa mantha akuluakulu a zaulimi m'maiko onse olamulidwa ndi Britain. M'Nyasaland, katswiri wa nthaka A. J. W. Hornby adali atalemba kale za kukokoloka kwa nthaka mu 1934, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma lidasankha Paul Topham kuti aziyang'anira ntchito yolimbana ndi vutoli.

Nthawi imeneyo alimi ambiri sankalima mizere monga ikudziwikira lero. Ena ankaunda matuto, milu ya dothi imene ankakwiriramo udzu ndi zinyalala, ena ankabzala pa nthaka yosaunda. Alangizi adayamba kuphunzitsa mizere yopingasa mtsetse, ngonyeka zosunga madzi pakati pa mizere, ndi migula. Pa chiyambi ntchitoyi inkayenda mwa kukopa anthu, ndipo m'madera ena, monga ku Ntcheu, idapita patsogolo chifukwa mafumu adaikonda.

Nyengo ya malimidwe

Zinthu zidasintha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Lamulo la Natural Resources Ordinance la 1946, limene lidakhwimitsidwa mu 1949, lidakhazikitsa mabungwe a m'zigawo ndi m'maboma okhala ndi mphamvu zolamula kalimidwe. Mvula ya nyengo ya 1948/49 idadula, ndipo njala ya 1949 idapha anthu, makamaka m'boma la Blantyre. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene adalamulira kuyambira 1948 mpaka 1956, pamodzi ndi Richard Kettlewell, mkulu wa zaulimi m'zaka za m'ma 1950, adatsimikiza mtima kuti njala isabwerenso, ndipo adaona kuti kukopa anthu kukuchedwa. Malamulo adanena tsiku lomalizira kusosa, nthawi yobzala, kaundidwe ka mizere, kukumba migula, kuzula mapesi ndi mitengo ya fodya ndi thonje ikatha nyengo, ndi malo oletsedwa kulima. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende, ndipo nthawi zina mbewu zake zinkazulidwa. Anthu adatcha dongosolo lonseli malimidwe, ndipo liwuli lidasanduka dzina la nkhanza.

Chidani cha anthu pa malimidwe chidali ndi zifukwa zomveka. Migula inkakumbidwa m'chilimwe, nthaka ili gwa, pamene amuna ambiri adali ku migodi ya ku South Africa ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, kotero kuti ntchito yolemetsayi inkagwera amayi. Mgula umadya malo, ndipo m'maboma monga Thyolo ndi Chiradzulu, kumene malo ambiri adali m'manja mwa maesiteti, mlimi wa kamunda kakang'ono ankaona kuti akulandidwanso kachiwiri. Phindu la mgula limaoneka patapita zaka, pamene chindapusa chinkafunika tsiku lomwelo. Kuwonjezera apo, mgula kapena mzere wosatsata bwino mlingo umasonkhanitsa madzi malo amodzi, ndipo ukaphulika umakumba chigwembe choposa chimene chikadakhalapo popanda mgulawo. Mlangizi nayenso adasanduka wapolisi: akaoneka m'mudzi, anthu ankathawa m'malo momufunsa nzeru.

Ku chigwa cha Shire vuto lidali lamulo lenilenilo. Kumeneko malo ambiri ndi athyathyathya, kumatentha kwambiri, ndipo alimi ankanena kuti mzere wounda pa dothi lamchenga umauma msanga kuposa nthaka yosaunda. Lamulo lopangidwa poganizira mitsetse ya kumapiri lidakakamizidwa pa malo amene silinkayenera. Kulimbana kumene kudatsatira kumakumbukika ndi dzina loti nkhondo ya mitumbira, monga adalembera katswiri wa mbiri Elias Mandala.

Mu 1953 mkwiyowu udakumana ndi nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu, imene kale boma linkaitama pa ntchito yosamala nthaka, idauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi posonyeza kukana chitaganya. Boma lidaichotsa pa mpando, ndipo idamwalira mu 1954. Mu Ogasiti 1953 zipolowe zidabuka ku Thyolo, kumene nkhani za malo ndi thangata zidali zitafika kale pachimake, n'kufalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu 11 adaphedwa. Chipani cha Nyasaland African Congress chidapeza otsatira ambiri m'midzi chifukwa chotsutsa malimidwe, ndipo bungwe la Devlin, limene lidafufuza zipolowe za 1959, lidatchula malamulo a zaulimi ngati chimodzi mwa zinthu zimene anthu ankaipidwa nazo.

Zimene zinkachitika ku Gold Coast nthawi yomweyo

M'zaka zomwezo, boma la Britain linkayesa njira yokakamiza yomweyi pa mitengo yodwala ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, ndipo zimene zidachitika kumeneko zikuthandiza kumvetsa nkhani ya nthochi ya kuno. Matenda otupitsa nthambi za koko adadziwika mu 1936, ndipo akatswiri a pa siteshoni ya Tafo adapeza kuti amayamba ndi vairasi yofalitsidwa ndi tizilombo ta mtundu wa kodikodi. Mankhwala padalibe. Njira yokhayo idali kudula mtengo wodwala pamodzi ndi ina yoyandikana nawo.

Pa nkhani iyi sayansi idali yolondola, koma kudula kokakamiza kumene kudayamba cha m'ma 1946 kudakanidwa mwamphamvu. Mtengo wodwala umatha kuberekabe kwa nyengo imodzi kapena ziwiri, mitengo ya koko pa msika idali itakwera, ndipo mbande yatsopano imatenga zaka isanabereke. Mlimi ankaona anthu a boma akugwetsa mtengo wokhala ndi zipatso. Nkhaniyi idali m'gulu la madandaulo amene bungwe la Watson lidamva pambuyo pa zipolowe za ku Accra mu 1948. Boma lidaimitsa kaye kudula kokakamiza, ndipo ntchitoyo idayambiranso pamene alimi adayamba kulandira chipukutamisozi ndi ndalama zobzalira mitengo ina. Kuyambira nthawi imeneyo mitengo yoposa 200 miliyoni yadulidwa, koma matendawa akadalipo, chifukwa kudula kunkaima ndi kuyambiranso, ndipo minda yatsopano inkabzalidwa pafupi ndi yodwala.

Ufulu utabwera

Chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961, Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhala nduna yoona zachilengedwe ndi maboma aang'ono, ndipo kumanga anthu chifukwa cha malimidwe kudatha. Migula yambiri idasiyidwa, ina idagumulidwa dala. Koma mizere siidathe. M'zaka zotsatira idafalikira mpaka kukhala kalimidwe ka pafupifupi mlimi aliyense, chifukwa alimi adaona kuti ikuyenda bwino ndi chimanga, fodya ndi mtedza, ndipo boma latsopano linkailimbikitsa kudzera mwa alangizi, achikumbe ndi maulendo a mtsogoleri wa dziko oyendera mbewu m'minda. Chimene anthu adakana sichidali mzere, koma chikwapu chimene udabwera nacho.

Ngakhale zidali choncho, mizere yambiri idaundidwa mosatsata akalozera. Ndondomeko ya chitukuko ya Lilongwe Land Development Programme, imene idayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank, idakumba migula ndi ngalande zambiri ndi makina, koma alimi ankaziona ngati za boma ndipo zambiri sizidasamalidwe. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 chidwi chidatembenukira ku njira zimene mlimi angachite yekha: kuika akalozera ndi A-felemu kapena levulo ya chingwe, kuwongola mizere kuti itsate akalozerawo, ndi kubzala udzu wa vetiva. Mitengo ya lukina, imene inkalimbikitsidwa kubzalidwa m'mizere yopingasa, idagwidwa ndi tizilombo toyamwa nsonga timene tidafika m'chigawo chino cha Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo alangizi adatembenukira ku gliricidia ndi ombwe. Apa padaoneka kuopsa kodalira mtundu umodzi wa mtengo pa ntchito yogwira nthaka.

Malamulo nawonso adabwerera kumudzi. Lamulo la zankhalango la 1997 lidatsitsimutsa nkhalango za m'midzi ndi kuzindikira makomiti oyang'anira zachilengedwe, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'maboma mwawo. Koma nthaka ikupitabe. Kafukufuku wa World Bank wa 1992 adayerekeza kuti dziko lino limataya matani 20 a dothi pa hekitala pa chaka. Kafukufuku wina, wotsogoleredwa ndi bungwe la FAO, adapeza matani 29 pa hekitala m'chaka cha 2014. Amenewa ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Pa munda ndi dothi lokhuthala pafupifupi mamilimita awiri okha, ndipo n'chifukwa chake mlimi saliona likupita mpaka miyala itayamba kuonekera.

Chisaka ndi lamulo la kuzula

Lamulo loteteza mbewu la 1969, limene lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2018, lidapatsa boma mphamvu zoletsa kuyendetsa mbewu ndi zolamula kuti zomera zodwala ziwonongedwe. Palibe mbewu imene yayesa mfundo imeneyi kuposa nthochi. Ngakhale kuti nthochi si mtengo weniweni, mlimi amaisunga zaka zambiri monga mtengo wa zipatso, ndipo kuizula kumapweteka mofanana.

Matenda a chisaka adaoneka m'boma la Nkhotakota cha m'ma 1994, kenako adafika ku Nkhata Bay, ku Mulanje ndi ku Thyolo. Amayamba ndi vairasi imene imafala m'njira ziwiri: kudzera mu nsabwe zakuda za nthochi, zimene zimabisala m'munsi mwa makhwatha ndi m'masamba osatambasuka, ndiponso kudzera mu mphukira zotengedwa pa phata lodwala. Nsabwe ikayamwa nthochi yodwala kwa maola angapo imasunga vairasiyo moyo wake wonse. Zizindikiro zimachedwa kuoneka, kawirikawiri patapita milungu itatu kapena kuposerapo: timizere tobiriwira kwambiri todukaduka pa msana wa tsamba ndi pa phesi lake, masamba opyapyala oimirira okhala ndi chikasu m'mphepete, ndipo onse amaunjikana pamwamba. Tsinde limodzi likadwala, phata lonse ladwala. Mitundu ya Cavendish, monga Kabuthu ndi Williams, imene inkabweretsa ndalama ku Thekerani, ku Molere ndi ku Masambanjati, ndiyo idakanthidwa kwambiri. Dziko limene linkadzidalira pa nthochi lidayamba kugula zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique.

M'zaka za m'ma 2010 unduna wa zaulimi udalimbikitsa alimi kuzula nthochi zonse m'madera okhudzidwa, kudikira miyezi ingapo, kenako kubzala mbewu yopanda matenda yochulukitsidwa mu labotale, ntchito imene siteshoni ya Bvumbwe yakhala ikutengapo mbali. Zovuta zake zidafanana ndi za ku Ghana. Alimi amene mapata awo ankaberekabe sadaone chifukwa chozulira. Mbewu yabwino siinkakwanira onse pa nthawi yake. Amene adazula n'kubzalanso pafupi ndi mnansi wosazula adaona chisaka chikubwerera, ndipo ena onse adatengera pamenepo kuti kuzula n'kopanda phindu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pa chisaka mwambiwu ndi woona ndendende.

Dziko la Australia lidakumana ndi matenda omwewa m'zaka za m'ma 1920, pamene minda ya nthochi ya ku New South Wales ndi kummwera kwa Queensland idatsala pang'ono kutheratu. Mu 1927 C. J. P. Magee adafalitsa kafukufuku wotsimikiza kuti nsabwe ndizo zimafalitsa vairasiyo. Padakhazikitsidwa malamulo okakamiza kuwononga mapata odwala, oyendera minda pafupipafupi, ndi chilolezo chotengera mbewu kuchoka dera lina kupita lina. Ulimi wa nthochi udadzukanso. Matendawa sadathe, koma adatsekeredwa m'dera limodzi, ndipo minda ikuluikulu ya kumpoto kwa Queensland ilibe chisaka. Kumeneko lamulo lidagwira ntchito chifukwa lidatsamira pa kafukufuku, lidakhudza mlimi aliyense, ndipo kuyendera minda sikudalekezedwe panjira.

Pamene malamulo awiriwa amakumana

M'mapiri a Thyolo, nthochi sizidali mbewu ya ndalama chabe. Phata la nthochi lili ndi mizu yambiri yoyanga pafupi ndi pamwamba pa nthaka, masamba ake amatchinga madontho a mvula, ndipo masamba ouma amaphimba pansi chaka chonse. Mapata akazulidwa, pamatsala maenje ndi dothi lofukulidwa pa mtsetse. Malo otere akabzalidwa chimanga, nthaka imakhala pamtunda nthawi ya mvula yoyamba, imene imakokolola kwambiri. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, imene idagumula mapiri ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana, idakumbutsa dziko mphamvu ya madzi pa mitsetse ya kummwera.

Apa kudziwa khalidwe la matenda kumathandiza. Vairasi ya chisaka sikhala m'nthaka, ndipo sifala ndi khasu kapena chikwanje. Imakhala m'nthochi yamoyo ndi mu nsabwe basi. Choncho nsabwe zikaphedwa kaye ndi mankhwala kapena madzi a sopo, phata lonse likakumbidwa, ndipo tsinde ndi chitsa zikaduladulidwa kuti ziume osaphukanso, zinyalalazo zikhoza kutsala m'munda momwemo ngati chophimba nthaka, zitayalidwa mopingasa mtsetse. Kuzikoka kupita nazo kutali kumangomwaza nsabwe, ndipo kuzitentha kumataya chophimba chimene munda ukuchisowa.

Matenda a Panama, amene akhala akufotetsa nthochi ku Karonga, ndi osiyana kotheratu. Amayamba ndi fangasi yokhala m'nthaka kwa zaka makumi angapo, ndipo imayenda ndi dothi lomatirira ku makasu ndi ku mapazi, komanso ndi madzi othamanga. Pa matenda awa, kukumba ndi kumwaza dothi kumafalitsa vutolo, ndipo mgula kapena mzere wa vetiva woletsa madzi kutsikira m'munda wa mnansi umakhala mbali ya chitetezo. Mtundu woopsa kwambiri wa matendawa, wotchedwa TR4, udapezeka m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 2013, kotero nkhaniyi ili pafupi. Lamulo longonena kuti nthochi yodwala izulidwe, osasiyanitsa chisaka ndi Panama, likhoza kuthandiza m'mudzi wina n'kuwononga m'mudzi wina, monga momwe lamulo la mizere lidachitira ku chigwa cha Shire.

Zimene mbiriyi ikupereka kwa olemba malamulo a m'dera

Alangizi ndi alimi otsogolera ndiwo amafunsidwa nzeru malamulo a m'mudzi akamalembedwa, ndipo pali mfundo zingapo zimene zaka zapitazi zatsimikiza.

Kupima kumayamba, kuzula kumatsatira. Lamulo liyenera kutchula matenda ndi dzina, zizindikiro zake, ndi munthu amene adzatsimikize. Pokayikitsa, zitsanzo zipite ku siteshoni ya kafukufuku. Masamba achikasu akhoza kukhala njala ya m'nthaka, monga zidalili ndi tiyi mu 1933.

Tsiku lozula ligwirizane ndi tsiku lolandira mbewu. Mlimi wa koko adavomera nkhwangwa ataona chipukutamisozi, ndipo mlimi wa nthochi amavomera khasu akadziwa kumene mbewu yabwino idzachokere ndi chimene adzadye poyembekezera. Nazale ya mudzi, yoikidwa kutali ndi nthochi zakale, ikonzedwe lamulo lisanayambe kugwira ntchito.

Malire a lamulo atsate madzi ndi nsabwe, osati malire a nyakwawa okha. Madzi saiwala khwawa: midzi ya kumtunda ndi ya kumunsi kwa khwawa limodzi iyenera kugwirizana, ndipo dera lozula nthochi likhale lalikulu mokwanira kuti minda yatsopano isayandikane ndi mapata odwala. Mapata a kumanda, a m'mabwinja ndi a m'mbali mwa mitsinje, amene alibe mwini wodziwika, apatsidwe woyang'anira.

Wozula aphimbe. Ndime yonena za kuzula ndi ndime yonena za nthaka zilembedwe pamodzi. Kuzula kuchitike m'chilimwe, maenje akwiriridwe, akalozera aikidwe mvula isanayambe, vetiva abzalidwe nthaka ikanyowa, ndipo pa nyengo yodikira pabzalidwe mbewu zophimba nthaka monga nandolo, khobwe kapena kalongonda.

Nkhalamba, odwala ndi mabanja opanda anthu ogwira ntchito athandizidwe ndi gulu asanaganiziridwe za chindapusa. Malimidwe adagwa chifukwa adalipitsa anthu amene adalibe mphamvu zokumbira migula.

Pomaliza, mlangizi asakhale wolipitsa. Chilango, ngati chilipo, chikhale m'manja mwa mfumu ndi komiti imene anthu adasankha okha, ndipo lamulo la mudzi lisatsutsane ndi la khonsolo kapena la dziko. Ntchito ya mlangizi ndi ya mlimi wotsogolera ndi kuzindikira matenda, kuika akalozera molondola ndi kusonyeza zotsatira pa munda wachitsanzo. M'zaka za m'ma 1950 alimi ankabisa minda yawo mlangizi akamabwera. Pa matenda onga chisaka, amene amagonja pokhapokha phata loyamba kudwala likaululidwa msanga, mudzi umene anthu ake amaopa kuitana mlangizi umadzazindikira matendawa atafika kale m'minda yonse.